Mswachi Wolira Munatumiza Uja

Wovwe,
Karonga.
16 Ogasiti 1987.

Okondedwa achimwene a Hudson,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Mangalandeko pamodzi ndi alamu anga a Anne. Musadabwe ndi sitampa ya ku Tanzania pa envelopu. Kalatayi ndapatsira mayi wina wogulitsa mpunga kuti akaiponye ku Kyela, chifukwa zimene ndikulembazi sizingadutse pa positi ya kuno.

Phukusi lanu linafika mu Meyi. Ndinachedwa kuthokoza, ndipo tsopano kuthokozako kukundilemera. Mswachi wa mabatire uja unagwiradi ntchito, ndisaname. Paja ndinakudandaulirani kuti amuna anga a Kenan amatuluka magazi m'nkhama akamatsuka mano. Iwo aja mswachi wamanja amaugwira ngati akukwecha mphika, mwezi usanathe watha kale. Wanuwu umangofuna kuukhazika pa dzino, wokha n'kumanjenjemera. Patatha milungu itatu magazi anasiya, bambo n'kuyamba kuseka ndi mano onse ngakhale pa nkhani yosaseketsa. Ine ndinkawanena kuti asanduka mzungu wa ku sikimu ya mpunga.

Achimwene, a Kenan anawatenga. Ino ndi sabata yachisanu ndi chiwiri.

Mukuwadziwa alamu anu, ukalaliki wa mu ofesi unawalowa m'magazi. Pepala la m'bokosi linati kutsuka kuzikhala mphindi ziwiri, ndiye iwo m'mawa uliwonse sikisi koloko ankaima kuseri kwa nyumba, pafupi ndi ngalande, maso pa wotchi, chinthu chili pakamwa chikulira. Ankayang'ana kumpoto chifukwa ndi kumene madzi akuda amatsikira. Koma kumpoto ndi kumalire, ndipo njira ya anthu opita ku minda ya mpunga imadutsa pomwepo.

Apa mpamene ndinalakwa ine. Tsiku lina aneba athu a Dora, pofuna kudziwa chimene chimalira m'mawa uliwonse, anandifunsa m'Chitumbuka kuti, "Kasi ntchichi icho chikulira mulenji uliwose?" M'malo moyankha mwachidule, matama anandigwira. Ndinakautenga, kuuyatsa, n'kuwauza kuti wachokera kwa mchimwene wanga amene anapita kukaphunzira kunja osabwerako. Sindikunena kuti a Dora ndiwo anakatinenera. Iwo anangofotokozera anzawo ku chigayo. Koma pamene nkhani inkafika ku Mlare, mswachi unali utasanduka wayilesi yolankhulira ndi anthu othawa boma.

Anabwera Lachinayi masana, amuna atatu a ku polisi pa galimoto. Anayamba ku ofesi kukatenga bambo, kenako kunyumba kudzatenga mswachi pa zenera. M'mawa mwake ananditulutsa m'kalasi ndikuphunzitsa, n'kupita nane ku boma.

M'chipindamo anandiuza kuti ndiwaonetse ntchito yake. Ine mayi wa ana atatu, mphunzitsi, ndinaima pamaso pa amuna achilendo kutsuka mano ndi mswachi wa mwamuna wanga, thovu likutsikira pachibwano, polavulira palibe. Manyazi amenewo sindidzawaiwala. Ndinkaganiza kuti akaona aseka, nkhani ithere pomwepo. Mmodzi anasekadi. Koma wamkulu wawo anatulutsa mswachi wamanja m'dirowa, n'kuuika pambali pa wanu uja.

"Mama, uwu ukutsuka mano, uwunso ukutsuka mano," anatero. "Mwamuna wanu ali ndi manja awiri. Munthu wa manja awiri sangafune mashini. Ndiye kuti mashiniwa ali ndi ntchito ina."

Ndinafotokoza za magazi a m'nkhama mpaka mawu anandithera. Anangolemba. Anati mswachiwo autumiza kum'mwera kuti akaumasule akatswiri, ndipo mwini wake adikira zotsatira. Ndinawaona kamodzi kokha a Kenan, patatha masiku khumi. Ndinawatengera mswachi wamanja koma anandikaniza kulowa nawo, akuti chogwirira chake munthu angachinole. Bambo ankalankhula dzanja lili pakamwa. Sanandidzudzule, anangofunsa ngati ana akupita ku sukulu. Nditapitanso, anandiuza kuti anawasamutsa, ndipo palibe amene akunena kuti ali kuti.

Tsopano ndinene chimene ndakhala ndikuchizungulira. Tsiku lomwe lija wamkulu uja anandipatsa pepala ndi cholembera. Anati ndikalemba bwino za amene anatumiza phukusi, zinthu zikhoza kuwapepukira amuna anga. Sanandimenye, achimwene, sanandiuze ngakhale mawu oti ndilembe. Ndinalemba ndekha. Ndinalemba kuti inu ndinu munthu woukira, kuti chikhalidwe chanu chinkatidabwitsa kuyambira kale, kuti ine sindikuwerengani ngati mbale wanga. Ndinasaina ndi dzina la bambo athu. Inu amene munkandiperekeza wapansi kuchokera kumudzi mpaka ku Dedza ndikamapita ku sukulu, ndinakugulitsani pa tsamba limodzi, ndipo mwamuna amene ndinkafuna kuombolayo sanabwere.

Pepala limenelo likukudikirani. Munalemba kuti mukuganiza zobwera pa Khirisimasi kudzaona amayi, poti akalamba. Musabwere. Musalembenso ku adiresi ino, musatumize kanthu kalikonse, ngakhale khadi. Amayi sakudziwa chilichonse. Ndikapita kumudzi ndikawauza kuti ntchito yakuchulukirani, ndipo bodza limenelo ndilisenza ndekha.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, ndi kwa kamwana kanu kamene ndangokaona pa chithunzi. Thelma, Prisca ndi Elliot akupereka moni kwa amalume awo. Iwo akadali kukutchulani poyera, ndipo ndayamba kuwaletsa. Moni wa a Kenan sindingaupeke, koma ndikudziwa kuti akanakuthokozani. Ngati mungathe kundikhululukira, mundikhululukire muli komweko, chifukwa yankho lanu sindingalilandire.

Ndine mlongo wanu, ngakhale pepala lija likukana,
Eliness.