Kumanda Kulibe Netiweki

Lolemba, 3 Marichi

Mu shopu zii tsiku lonse. Kasitomala mmodzi yekha, bambo wachikulire woyesa mafelemu onse a pashelefu yapakati, kudziyang'ana pagalasi uku ndi uku, kenako ati abwera mwezi ukatha. Ndatsala ndikupukuta zala zake. Bwana ali kuchipinda choyezera maso ndi nyuzipepala yake. Ine foni pansi pa kauntala, pa ntchito yanga yeniyeni.

Kwamwalira woimba wina wa kwaya, tsamba la nkhani lapositi. Makomenti mbwee. Ine ndi mchimwene wanga wamng'ono, amene ndimamutcha Jaji, tili ndi mpikisano wathu. Ine ndimasaka makomenti opusa a pamaliro, kujambula sikirini, kumutumizira, iye n'kugamula wotenga chikho cha sabata. Chikho chenichenicho kulibe. Anthu awiri akuluakulu, wina wogulitsa magalasi a maso, wina wokonza mafiriji, chitukuko chathu n'chimenechi.

Alero: Mneneri Ndinalota, amene amalota imfa iliyonse ikachitika kale. Mayi wina waika chithunzi chake chomwe, milomo psuu, pansi pake ati moyo ndi wachabe. Wina akufuna malaiki kwa onse amene akuwerenga ali pabedi. Ndiye Wansapato, amene sasowa pamaliro: "Mzimu wake uuse mumtendere. Nsapato zachikopa zafika, saizi zonse." Jaji wapereka chikho kwa Wansapato. Akuti ndi yekhayo woona mtima, akudziwa chomwe wabwerera.

Lachinayi, 6 Marichi

Bandulo yatha msanga, ndagula ina ndi ndalama ya sopo. Zochapa zidikire, kuseka anthu olira ndiye sikungadikire.

Jaji anadutsa pa shopu masana, chikwama cha zida paphewa, manja girisi yekhayekha. Wadya theka la chakudya changa ataimirira. Tinaseka za Azakhali, achemwali awo a malemu bambo, amene pa imfa iliyonse amalemba kuti lembani Ameni ngati simukufuna kuti zikuchitikireni, kenako timitu tachikasu tolira, mizere itatu. Koma amene amandimaliza ine ndi aja olankhula ndi womwalirayo: dzuka aise, usatero, yankha foni. Ngati kumanda kuli netiweki.

Potuluka anatenga felemu pashelefu, kuiika pamphuno, kundiyang'ana pamwamba pake ngati jaji weniweni. Ati, "Asisi, ine ndikadzafa musadzalembe zoti wapita msanga. Ndidzadzuka n'kukulandani foni." Ndinamuuza kuti sindingawononge bandulo yanga pa iye. Tinagwirana chanza. Atafika ku ntchito watumizanso mawu omwewo pa foni, ati ukhale umboni. Wandisiyira girisi padzanja ndi pa kauntala.

Lachisanu, 7 Marichi

Ngozi pa mlatho wa ku mafakitale m'mawa uno, lole ndi minibasi. Tsamba la nkhani laika chithunzi, minibasi itapindika ngati chitini. Maina sanatchule. Makomenti ndiye osayamba.

Wina akuthokoza Mulungu kuti iye anadutsa pomwepo dzana. Wina akufunsa ngati msewu watseguka, ali ndi deti. Awiri ayamba kale ndale. Mneneri analota. Azakhali athu afika ndi Ameni wawo. Wansapato anachedwa, ndinayamba kumudera nkhawa, koma wafika.

Zonse ndatumiza kwa Jaji, ndi mawu akuti sabata ino milandu yachuluka, a Jaji, valani wigi. Tiki imodzi, uthenga sunamufike. Batire la foni yake lija silichedwa kutha. Ndimuimbira ndikaweruka.

Lachiwiri, 18 Marichi

Ndabwerera ku ntchito. Bwana wandigwira paphewa, wapita kukabisala kuchipinda choyezera. Ndamuyamikira mumtima.

Jaji anali mu minibasi ija. Ndalemba, basi. Tinamuika m'manda Lolemba la sabata yatha.

Sindinalire. Kuchipatala ayi, kunyumba ayi, kumanda ayi. Kuthamanga ndi mipando, makapu, kulandira anthu, maso gwaa ngati chidole cha pawindo lathu chovala magalasi a dzuwa. Azakhali analira zokwanira banja lonse, mpaka kukomoka, atayamba ayang'ana pogwera. Pogwapo anakhalira magalasi a Amayi, felemu n'kuthyoka. Ndatenga muyezo wakale wa maso awo, ndaitanitsa ena, bwana adzadula ku malipiro.

Pa tsamba la Jaji makomenti ngati nyerere pa shuga. A "wapita msanga" ndasiya kuwerenga. Mkulu wina amene Jaji ankamuzemba pamsewu walemba kuti anali magazi amodzi. Mtsikana wina akuti ndi iye yekha amene ankamumvetsa, wayankhidwa ndi mnzake wonena zomwezo, akukangana pansi pa chithunzi cha bokosi. Ndangozindikira chala chajambula sikirini chokha. Ndiye ndakhala nacho chithunzicho m'manja, kopita nacho kulibe.

Lachinayi, 20 Marichi

Poweruka ndimadzera kwa Amayi. Popanda magalasi saona zilembo, ndiye amandikhazika pa mpando wa Jaji pabalaza kuti ndiwawerengere zomwe anthu alemba. Ine mlenje wa zitsiru, lero ndasanduka mneneri wawo, ndi mawu aulemu. Mngelo wapeza mapiko. Amayi akugwedeza mutu. Kumwamba kunasowa wokonza mafiriji. Ndinaluma mlomo, koma Amayi anati ndibwereze, anthu ankaidziwa ntchito ya mwana wawo. Ya Wansapato ndinawerenga theka loyamba lokha.

Kenako funso. "Nanga mawu ako ali pati? Anthu akutali amulankhula mwana wanga, iwe mlongo wake uli duu." Ndinati bandulo. Bandulo, foni ili m'manja ndikuwerenga za anthu ena! Anangotembenukira kukhoma. Zandiwawa kuposa akanandikalipira.

Azakhali auza abale pa gulu la banja kuti mtima wanga ndi mwala. Aikaponso kamtima kosweka.

Loweruka, 22 Marichi

Ndayesa kulemba. Zoona ndayesa, pa kauntala, pakati pa makasitomala. "Mchimwene wanga," kenako kufufuta. Chilichonse chomwe ndalemba ndachizindikira nkhope, tinachiseka kale ine ndi iye. Tinaseka mawu onse, osasiyako ngakhale amodzi oti ndidzagwiritse ntchito likadzandifikira tsiku langa.

Ndiye ndachita chinthu. Zithunzi zonse za makomenti zomwe ndasonkhanitsa ndatumiza ku nambala yake. Atsikana okangana aja, mkulu wa magazi amodzi, firiji ya kumwamba, n'kuwonjezapo nkhani ya Azakhali ndi kugwa kwawo kosankha malo. Ndalemba kuti a Jaji, mlandu uno ndi wanu womwe, gamulani. Tiki imodzi, inde. Foni yake apolisi anabweza m'kapulasitiki, yozima, sikirini yong'aluka pakona. Ili m'kabati ya Amayi, palibe adzaone.

Ine yemwe uja ndinkafunsa ngati kumanda kuli netiweki. Anyani amasekana zikundu.

Lachiwiri, 25 Marichi

Ndazolowera. M'mawa kumupatsa moni, masana kumuuza za makasitomala. Dzulo mayi wina anayesa felemu n'kufuula kuti tsopano akuona bwino, mufelemumo mulibe galasi. Ndinamuuza Jaji. Ndinamuuzanso kuti girisi wake akadali m'mphepete mwa kauntala, ndimapukuta mozungulira.

Ndipo lero, bwana atatuluka, shopu ili zii, ndalemba mawu aja. Awiri okha. Wapita msanga. Ndinakhala ndikuyang'ana chitseko kuti adzuke adzandilande foni. Analowa ndi munthu wofuna kasikuluwu ka felemu yake.

Magalasi a Amayi afika. Okongola, felemu yabulauni.

Lachitatu, 26 Marichi

Matiki awiri.

Ndinali kuwongola felemu ya kasitomala, ndangosuzumira pansi pa kauntala, mauthenga onse matiki awiri. Felemu ndinaiika pansi. Kwa kamphindi, ndilembe zoona, ndinakhulupirira. Ine, ndi sukulu yanga yonse. Kenako Amayi anandiimbira foni. Apeza tchaja, ayatsa foni ya mwana wawo kuti aone zithunzi zake, foniyo n'kuyamba kulira ngati yapenga. "Anthu akumutumizirabe mauthenga. Ubwere ndi magalasi aja ndiwerenge ndekha, iwe umadumpha."

Kani akudziwa kuti ndimadumpha.

Foni ya Jaji ilibe pasiwedi, ankati alibe chibwenzi chomufufuza. Mmenemo muli zonse. Azakhali ndi kugwa kwawo. Firiji ya kumwamba, yomwe Amayi anati ndibwereze. Ndi zija za Lachisanu lija, ine ndikuseka pansi pa minibasi yomwe munali mwana wawo, ati valani wigi. Mwana wotsala ndine ndekha, ndipo akawerenga zimenezo sadzafunanso kundiona pa mpando uja. Ndili ndi mantha.

Ndawauza kuti magalasi sanafike. Ali m'dirowa, pansi pa nsalu zopukutira.

Lachisanu, 28 Marichi

Nzeru za chitsiru: kupita kukawaona, kupempha foni ngati ndikufuna chithunzi, kufufuta. Ndinapitadi dzulo. Foni amaisunga pansi pa pilo, kuigwira ngati khanda. Anandibwereka, maso ali pa ine. Kufufuta umodziumodzi sikukanatheka. Kufufuta zonse kukanatenga ndi zake zomwe, zigamulo zake zonse, mawu ake akuseka kuti asisi nthiti zanga. Chala chinaima m'malere. Ndinabweza foni, ndinati chithunzi sindinachipeze. Kuba kundikanika, kunena zoona kundikanika, ndimatha chiyani ine?

Bwana wapeza magalasi aja posaka nsalu. Anangowaika pa kauntala patsogolo panga n'kunena kuti mayi ako akudikira kuona. Munthu uyu salankhula chaka chonse, akalankhula kamodzi n'kulasa pamtima. Ndawaika m'chikwama.

Lamlungu, 30 Marichi

Magalasi ndinawapititsa masana, Amayi atabwerako kutchalitchi. Ndinawaveka ndekha, kuwongola kuseri kwa makutu ngati kasitomala. Choyamba kuona, ati nkhope yanga yaonda. Kenako foni. Pabalaza, ine pa mpando wa Jaji, manja pakati pa maondo.

Amawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Anayambira kumtunda kwenikweni, miyezi yam'mbuyo. Anafunsa kuti Wansapato ndi ndani, ndinafotokoza, ndi za chikho zomwe. Anadutsa pa pangano lija la umboni, anati mwana uyu ndi pakamwa pake. Atafika pa Lachisanu lija anakhala nthawi yaitali osasuntha chala. Ine maso pachitseko, kuganiza kuti nditenge chikwama. Anavula magalasi, kupukuta ndi mpango, kuvalanso. Anangoti, "Sunkadziwa." Anapitiriza.

Atafika pa za Azakhali, mapewa a Amayi anayamba kugwedezeka. Ndinkati akulira. Ayi ndithu, kuseka, dzanja kukamwa, akusuzumira pawindo ngati mlamu wawoyo angatulukire. Ati nawonso anawaona akusuntha kapu asanagwe. Kuseka koyamba m'nyumba muja chichokereni iye.

Moni wanga wa m'mawa uliwonse anawerenga. Mayi wa felemu yopanda galasi. Girisi wa pa kauntala. Kenako mawu awiri aja. Anawawerenga mokweza, n'kubwerezanso. Anaika foni pamiyendo, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndendende mwana wawo, nati, "Chikho cha sabata ino chapita kwa uyu."

Ndinalira ngati timitu tachikasu ta Azakhali, pakamwa yasa, mizere itatu yonse. Mamina, phokoso, mutu pamiyendo ya Amayi, magalasi atsopano atapendekeka, mpaka oyandikana nawo anabwera kudzafunsa ngati kwagwanso china. Jaji akanakhalapo bwenzi atandijambula, bwenzi atagamula chimodzimodzi.