Firiji ya ku Liwaladzi

Lachitatu. Tsiku loipa, mutu ukungogunda.

Ee, asayimenti ija ya kasungidwe ka usipa yabwera, ndipo ndalephera. Ineyo! Ndisanatumize ndinaiponya kaye mu AI ya pafoni kuti indiuze polakwika. Inandiyamikira mpaka ndinavina ndekha m'chipinda. Kenako inati ndime yofotokoza mmene amayi amayanikira usipa pa thandala ndi yofooka, bola ndilembe zoti asodzi azisunga nsomba mu firiji. Ndinafufuta za amayizo osaganiza n'komwe.

Lero a Madamu otiphunzitsa abweza pepala lodzaza inki yofiira. Alemba kuti: "Mwanawe, kwanu ku Liwaladziko firijiyo mukailumikiza pa mtengo wa mango? Chingerezi n'chosalala, koma wolemba izi kunyanja sanafikeko." Ine wobadwira pamchenga pomwepo!

Akuti ndilembenso pofika Lachisanu, apo ayi ndibwereza kosi yonse. Ndime ijanso sindinaisunge paliponse.

Ndabwerera ku AI ija, ndaikalipira kuti kumudzi kwathu kulibe magetsi. Yayankha pompo kuti, "Pepani, mukunena zoona." Basi, yathana nazo. Iyo kupepesa sikuiwawa, dzina lili papepala lofiiralo ndi langa.