Chishalo cha make Luziya

Lachiwiri, Julyo. Kwazizira tsiku lonse.

Luziya akufuna azipita ku sekundariya ku Ulongwe pa njinga ya malemu amayi ake. Koma ndi wamtali, chishalo chiyenera kukwezedwa. Nati yake yachita dzimbiri. Ndinaimanga ndine, make ataima pambali, akuseka kuti miyendo yake sifika pansi.

Ndathira palafini, ndagogoda ndi nyundo pang'onopang'ono, ndayesa ndi sipanala, mumtima ndikupempha kuti natiyo ikane.

"Ababa, lowetsani paipi ku sipanalayo. Suja mumatero pa njinga za eni?"

Ndalowetsa. Nati yalira kamodzi n'kumasuka.

Luziya wazungulira bwalo akuseka ngati make. Pachitsulo cha chishalo patsala mzere wa dzimbiri, posonyeza msinkhu wa mkazi wanga. Sindinaupukute. Mwina mawa, kapena...