Ndavomera Ntchito Ziwiri

14 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, ndipo msana uja wayamba kukumverani chisoni. Kuno tonse tili bwino, kupatula mutu wangawu umene ukungozungulira ngati fani.

Ntchito ndapeza, achimwene. Koma musavine msanga, chifukwa ndapeza ziwiri, zonse ndavomera, ndipo konseko akuti ndiyambe Lolemba.

Yoyamba ndi ya kubanki. Malipiro ake atawatchula ndinafunsanso, kuyesa makutu andinamiza. Abwana ake anangoisuzumira digiri yanga ya uinjiniya nati, "Iyi kasungeni kunyumba, kuno chachikulu n'kumwetulira." Potuluka, mkulu wina wa pakauntala anandinong'oneza kuti nayenso anaphunzira zomwezi. "Lero mutandipatsa pulani ya nyumba, ndingaigwire chozondoka," anatero akuseka. Komatu ana ake amapita kusukulu pagalimoto.

Yachiwiri ndi ya kukampani yaing'ono yomanga milatho. Ofesi yawo ndi kontena, mipando ndi zitini za penti. Injiniya wamkulu, mayi wa mawu ngati wezulo, mapepala anga sanawafunse n'komwe. Anapita nane kumtsinje nati, "Madzi akasefukira amafika pati?" Ndinaloza pafupi ndi mapazi anga. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandionetsa zinyalala zokodwa m'nthambi, pamwamba kuposa mutu wanga. Masana amenewo ndinamva zimene mabuku analephera kundilowetsa m'mutu. Koma malipiro ake ndi a thiransipoti ndi sopo, kwatha. "Ukapirira zaka ziwiri udzakhala injiniya weniweni," anatero.

Aliyense atandiimbira foni, pakamwa panga panangotuluka "zikomo, ndibwera." Mukundidziwa, kukanira munthu wamkulu kunandikanika kuyambira kale. Amayi ndawauza za kubanki zokha, ndipo aneba onse amva kale, ngakhale amene sitiyankhulana nawo.

Chondisowetsa mtendere ndi inuyo. Munati ndikangoyamba kulandira, musiya kunyamula makatoni kumeneko n'kubwerera kwanu, ine ndiziona za amayi ndi mankhwala awo. Ndikapita kubanki, mubwera chaka chomwe chino. Ndikapita kumilatho, msana wanuwo usenzanso zaka ziwiri. Nanga fizi munkatumiza ija inali yoti ndikhale injiniya, kapena yoti ndidzakuwomboleni? Ine zandisokoneza. M'mawa ndimadzuka ndili wa kubanki, pofika masana mtima uli kumtsinje.

Foni ndaigwira kangapo n'kuibwezanso. Ndikudziwa mukanati, "Pita komwe ukufuna, ine ndipirira," ndipo mawu amenewo ndi amene ndikuwaopa. N'chifukwa chake ndalemba kalata, yoti ikupezeni Lolemba litadutsa. Mundikhululukire.

Amayi akupereka moni. Mwana wanu wayamba kulemba, ndipo akuti musamugulire nsapato musanamuone phazi, lakula. Alamu nawonso akuti moni wambiri. Ayamba kale kupenta chipinda chanu. Dzulo ndinawagwirira makwerero mpaka khoma lonse linatha, koma za kumilatho sindinawauze.

Ndine mlongo wanu wokukondani.