Kalata ya achimwene yapezeka kuseli kwa kauntala

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Ndine Esinati. Akulemba ndi alamu anga a Gelesomu, ine ndikungoyankhula, ndiye mawu akakhota mudziwe kuti wakhotetsa ndine.

Kuno ku Mitundu tilipo. Fodya chaka chino wapsa ndi dzuwa, koma chimanga chokha nkhokwe yadzaza. Malita wanga wabereka mwana wamkazi, mphuno ndi yanu yeniyeni. Mbuzi yamawanga munandisiyira ija inatafuna khadi la chipani la bambo a Malita, anachita kugula lina kuti alowe mumsika. Iyayi alamu, zimenezo musalembe. Mwalemba kale? Basi, zisiyeni.

Nkhani ndi ya hotela ya kwathu ku Nathenje. Paja munkati anamanga ndi mzungu wogula fodya, zipinda zitatu zokha zogona, kenako anagula a Kaphale n'kuwonjezera bala kutsogolo. Basi ikafika, dalaivala ankasiya makalata a midzi yonse pa kauntala pomwepo, pakati pa mabotolo. Inu munthu wa mpingo, mowa simunaulawepo, koma Lachisanu lililonse munkaima pazenera la balalo kufunsa ngati achimwene a Yohane alemba kuchokera ku Halale. Akulu a mpingo anakuitanani kawiri. Munkangoti, "Ine sindilowa, ndimaima panja." Zaka zonse zija, mpaka miyendo inakukanani.

A Kaphale anamwalira dzinja lathali. Ana awo agulitsa malowo, ndipo wogulayo akufuna pakhale chigayo. Sabata yatha pozula kauntala ija, kuseli kwake anapeza zitsekerero za mabotolo, chipeso, ndi makalata anayi amene anagwera mumng'alu. Imodzi ndi yanu, Amayi.

A Sitolo, ophika a pa hotela aja, akalamba tsopano, koma anapalasa njinga okha kudzandipatsa. Anakana ngakhale kukhala pansi. Alamu andiwerengera katatu.

Achimwene akuti ali pa famu ya fodya. Anakwatira, ndipo mwana woyamba anamupatsa dzina lanu. Akuti akuchita manyazi kubwera chimanjamanja patapita zaka zonsezi, koma inu mukangoyankha kuti bwera, abwera. Alamu akuti chidindo cha pa sitampa chikuonetsa kuti inafika inu mukadali ndi mphamvu zanu. Ndiye kuti munkaima pazenera paja kalata ili pomwepo, mukanangotambasula dzanja. Iwo kumeneko akudikira yankho, inu kuno mukudikira kalata. Ndikaganiza zimenezi khasu limandilemera. Mwina anaganiza kuti munawataya. Inu amene chikho chawo simunkalola munthu kumwera!

Vuto ndi lakuti adiresi chiswe chadya theka. Latsala dzina la famu, la tauni palibe. Kaya akadali komweko, kaya ali moyo, sindidziwa. Mwina muli nawo kumeneko ndipo mukundiseka. Bambo a Malita akuti ndingotaya sitampa pachabe. Ndawauza kuti sitampayo si yawo.

Ndayamba ndi inu chifukwa kalatayo ndi yanu, simunaimve. Tikamaliza ino, alamu atenga pepala lina tilembe ya ku Halale. Za maliro anu ndiwauza m'munsi, pang'onopang'ono. Pamwamba penipeni ndiyika yankho lanu: Yohane, bwera. Ikabwerera, nditumizanso, ndipo sindisiya.

Ndine mwana wanu wokusowani tsiku ndi tsiku,
Esinati