Emmie Akugwa Akaimirira

Okondedwa Amayi aang'ono,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Phalula mvula yagwa bwino, chimanga chamasula.

Koma mdzukulu wanu Emmie sali bwino. Akangoimirira mtima umathamanga, m'maso mumachita mdima, kenako amagwa. Sabata yatha anagwera mumsewu akugulitsa tomato, minibasi ikubwera. Dzuwa liwombe chotani, iye satuluka thukuta. Anamuyeza malungo, sanawapeze.

Adokotala ku Balaka anati, "Mayi, mwina asilikali a m'thupi mwake asokonezeka, akumenya mitsempha yoyendetsa mtima ndi thukuta. Koma sitinatsimikize." Nditafunsa ngati adzachire, anangoti atitumiza ku Blantyre. Pobwerera Emmie anandifunsa, "Amayi, ndiye kuti thupi langa lomwe likudana nane?"

Inu ndi amene munadwazika malemu amayi anga ine ndili wamng'ono. Kodi nawonso anayamba chonchi? Chonde musandibisire. Ndikufunsa chifukwa dzulo nditaweramuka m'munda, nanenso m'maso munachita mdima mpaka ndinagwira mtengo kwa kanthawi. Mwina kunali kutopa chabe. Emmie sindinamuuze.

Mupereke moni kwa onse. Muzitikumbukira m'mapemphero.

Ndine mwana wanu,
Tereza