Kaseti ya ba Kasoma m'minibasi ya Jameson

Chawama, Lusaka
14 Ogasiti 1996

Okondedwa achimwene a Rodgers,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu kumeneko ku Mchinji. Ife kuno tadzuka, koma kudzuka kokhako.

Za maliro a mkamwini wathu ba Kasoma, mwamuna wa mwana wanga Chrissie, munamva. Zimene simunamve ndi za nyumba. Matenda atakula, ine ndinawauza kuti pepala aliyense atha kulemba, koma mawu a munthu sabedwa. Ndiye analankhula mu kaseti, ine ndili pomwepo, kuti nyumba ya ku Mtendere ndi ya mkazi wawo ndi ana atatu aja, wina asaikhudze.

Abale awo a ku Kitwe anatsogoza loko, misozi inabwera pambuyo. Tsiku lofika lomwelo anatsekera katundu yense kuchipinda, ndi wailesi yomwe. Titaika maliro, tinakhala pansi kukamba za katundu, ine n'kumasula kaseti ija pachitenje. Mkulu wa malemu, ba Mutale, anati wailesi satulutsa, ndi ya womwalira. Apo mwana wanga Jameson anati tikamvere m'minibasi imene amayendetsa.

Achimwene, Jameson munamusiya ali wanzeru. Chimuchotsereni ntchito ku fakitale, nzeru zonse zinalowa m'chibokosi chimene anaika pansi pa mpando wakumbuyo. Akuti besi. Timasipika takutsogolo, timene timatulutsa mawu a munthu, anatigulula n'kusinthanitsa ndi chibokosicho, poti anyamata a pasiteshoni sakwera basi yosagunda. Ndinkamuuza kuti nyimbo yosamveka mawu ndi kubangula kwa m'mimba chabe, iye n'kumaseka.

Tinakwera akuluakulu tonse, abusa kutsogolo, ngati tikupita ku tauni. Jameson ataika kaseti, mipando inanjenjemera, magalasi n'kumalira. Munthu amene ndinamumva ndi makutu angawa akutola mawu limodzilimodzi ndi kampweya kotsala, anatuluka ngati ng'ombe yogwera m'chitsime. Jameson anapotokola apa, kupotokola apo, thukuta lili chuchuchu. Akachepetsa kugunda, kunali zii, palibe chotsala. Akakweza, tinkamva ndi matako, osati makutu. Ndisanamalize kunena kuti tikabwereke wailesi kwa aneba, ba Mutale anali atatsika kale.

"Mng'ono wanga sanali kukamba choncho. Uyu ni munthu wina."

M'mawa mwake Anna woyandikana nane anandibwereka kawailesi kake ka mabatire. Mawu anamveka bwinobwino, mpaka pamene malemu anaima kuti akhosomole. Ndinathamanga nako ku Mtendere. Ba Mutale anati kaseti anaimva kale pamaso pa abusa, ndipo kuchokera dzulo munthu atha kujambula mnzake aliyense. Abusa anangoyang'ana nsapato zawo. Pano m'nyumba muja mwalowa kale anthu a lendi.

Ine, Chrissie ndi ana tonse tili m'kachipinda kanga kamodzi kaja. Jameson sabwera kudzadya. Basi yake imadutsa pamsewu ili duu, yopanda nyimbo, mwina ndi yokhayo mu Lusaka yense. Pakamwa pangapa mumapadziwa, koma sindinamutukwane.

Mbumba ndi yanu, achimwene. Ndifunsa ngati pakhomo panu pangapezeke malo a ana atatu, chifukwa ine maondo atha, ndipo tomato wa pamsika sangalere anthu asanu. Ndi ana omvera, amadziwa kutunga madzi ndi kusesa. Chinyanja chawo chokha n'chimene mudzaseka.

Moni kwa alamu ndi onse a pamudzi. Ana akuti moni kwa agogo awo amene sanawaonepo. Chrissie akanalembako yekha, koma masiku ano akutopa msanga, akuti ndi fumbi la Ogasiti. Dzulo wandifunsa ngati kuseri kwa kaseti ija kudakali malo oti naye alankhulemo. Ndamuuza kuti ine za makaseti sindizidziwa.

Muyankhe msanga.

Ine mlongo wanu,
Elina